Lamba Choyamba, Makina Pambuyo

Mmisiri wa ku Limbe wofuna kupanga makina onolera mipeni agule kaye lamba wa sandipepala asanawotcherere chitsulo. Makina opimidwa mongoyerekeza amangokhala lamba woyamba akatha.

Opanga mipeni kunja amakonda lamba wa mainchesi 2 m'lifupi ndi 72 m'litali, chifukwa satentha msanga, ndipo mpeni ukapsa umafooka. Koma lamba wochita kuitanitsa kunja amadya phindu. Ndi bwino kufunsa m'mahadiweya saizi imene siisowa.

Masamu ake ndi awa: pa lamba wa mamilimita 915, mawilo awiri a mamilimita 100 amatenga 314. Otsala 601 agawidwe pawiri. Kuchokera pakati pa wilo lina kufika pa linzake pakhale mamilimita 300, ndipo limodzi lizisuntha pomangitsa lamba.