Mabanga Akuda Pamwendo: Adokotala Akuyankha Makalata Anu

Woulutsa: Adokotala, kalata yoyamba yachokera kwa bambo a ku Ndirande. Akuti: "Ndili ndi HIV, ndipo ma ARV ndinasiya kumwa chaka chatha. Pamwendo patuluka mabanga akuda, osayabwa, phazi latupa moti nsapato sikulowanso. Kuchipatala akuti ndi khansa ya Kaposi. Kodi ndayitenga kwa mkazi wanga?"

Dokotala: Zikomo bambo polemba mosabisa mawu. Khansayo payokha sipatsirana. Chopatsirana ndi kachilombo koyambitsa khansayo, kotchedwa HHV-8, kachibale ka kaja kotulutsa matuza pamlomo munthu akadwala malungo. Matendawa anawafotokoza Moritz Kaposi ku Vienna mu 1872, koma kachilomboko anakapeza Yuan Chang ndi Patrick Moore ku New York mu 1994.

Kamakonda kukhala m'malovu. Ku America ndi ku Ulaya kamafala makamaka pakati pa amuna ogonana ndi amuna anzawo, ndipo mu 1981 khansayi, itabuka mwa anyamata a ku New York ndi California, inali m'gulu la zizindikiro zoyamba za Edzi. Kuno kwathu nkhani njosiyana. Ambiri timakatenga tikadali ana, pakhomo pomwe: mayi kutafunira mwana chakudya, kapena kumupaka malovu pamene walumidwa ndi udzudzu. Ndiye chonde bambo, musawaloze chala mayi akunyumba. N'kutheka kuti mwakhala nako kuyambira muli kupulayimale, kali phee, chitetezo cha mthupi chitakapanikiza. Mutasiya mankhwala chitetezo chinatsika, kachilomboko n'kudzuka. Zimandiwawa ndikamaona abambo akufika mwendo utauma ngati chipika, wodzaza mphini, pamene akanabwera banga likadali limodzi tikanawathandiza mosavuta. Bwererani kuchipatala sabata ino. Kwa ambiri ma ARV okha amachepetsa mabangawo, ndipo pamene khansa yafalikira timawonjezera mankhwala a khansa, monga amene amaperekedwa ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central.

Woulutsa: Kalata ina yachokera kwa mnyamata amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti amagonana ndi amuna anzake, ali pa ma ARV, ndipo akufunsa ngati kondomu ingamuteteze ku kachilomboka.

Dokotala: Achimwene, kondomu musaisiye, imatchinga matenda ambiri. Koma kwa aka siikwanira, poti kamadzeranso m'kupsompsonana kwa pakamwa. Musamagwiritse ntchito malovu pofewetsa pogonana, gulani mafuta opangira ntchito imeneyo. Katemera wake palibe, choncho chishango chanu ndi ma ARV omwewo, tsiku ndi tsiku osadumphitsa.

Ndipo kwa nonse amene mukumvera: mukamasamba muzidziyang'ana miyendo, mutenge kagalasi muonenso m'kamwa, kumwamba ndi m'nkhama. Mukapeza banga lakuda kapena lofiirira limene silikuchoka, musatemerepo mphini, thamangirani kuchipatala.