Nkhope ikamayabwa, musaikhule

Amayi ndi abambo amene mwapyola zaka 40, kodi mwaona kuti sopo yemwe munkasamba kale popanda vuto tsopano akukuwotchani kumaso? Si ufiti ayi. Munthu akamakula khungu limapyapyala ndipo mafuta ake achilengedwe amachepa, makamaka kwa amayi amene akusiya kusamba kumwezi, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Onjezanipo mphepo ya mwera ya mu June ndi July, dzuwa la October, fumbi la mumsewu ndi utsi wa kukhitchini, nkhope imatuwa mbuu n'kuyamba kuthetheka.

Ambiri akaona kutuwako amaganiza kuti ndi litsiro, ndiye amatenga chinkhupule ndi sopo wochapira n'kumakhula mwamphamvu. Apa ndi pamene timalakwitsa. Sopo wochapira anapangidwira zovala, ndipo kumaso amachotsa ngakhale timafuta tochepa tomwe tatsalato.

Sambani kumaso m'mawa ndi madzi okha, ozizira kapena ofunda pang'ono, osati otentha. Madzulo gwiritsani ntchito sopo wosambira wopanda fungo, ndi manja okha basi. Pukutani mongogunditsa kansalu koyera, ndipo nkhope isanaumiretu dzolani Vaseline pang'ono, woyera uja wosanunkhira. Popita kumunda valani chipewa chakhonde. Alimi a fodya, sambani m'manja ndi sopo musanagwire kumaso mukachoka kothyola kapena kopopera mankhwala. Mafuta atsopano alionse ayeseni kaye kuseri kwa khutu kwa masiku atatu. Pakayabwa asiyeni, ngakhale munagula modula.

Tsono tinene za mafuta oyeretsa khungu, amene ena timangowatchula kuti ambi, omwe sasowa m'misika ya ku Mandimba ndi ku Chiponde. Werengani pa chubu kapena funsani mwana wa sukulu akuwerengereni. Mukapeza mawu akuti hydroquinone, betamethasone kapena clobetasol, bwezani pomwepo. Masabata oyamba nkhope imaoneka yosalala, koma pakapita miyezi khungu limapyapyala, ziphuphu zimabuka, ndipo m'masaya mumatha kuda bii, kuda kovuta kuchotsa. Ena mwa mafutawa amakhala ndi mercury, yemwe amawononga impso, ndipo sachita kulemba pa botolo. Ngati mwakhala mukudzola kwa nthawi yaitali, kaonaneni ndi achipatala, chifukwa mukasiya nkhope imayamba yanyanya kuyabwa, ndipo ambiri amabwereranso ku mafuta omwewo.

Si vuto lililonse lakumaso lomwe limatha ndi Vaseline. Khungu likada n'kumasupuka kumaso, m'khosi ndi kunja kwa manja, monse mofika dzuwa, makamaka ngati mukutsegulanso m'mimba, chikhoza kukhala chiwawu. Nthendayi imadza munthu akamangodya nsima ya chimanga popanda ndiwo zokwanira. Amene munathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo mungakumbukire mmene inavutira m'misasa mu 1989 ndi 1990, mtedza utasowa pa chakudya cholandira. Mtedza, nsomba za ku Amaramba ndi nyama zimateteza.

Banga lotuwa kapena lofiirira lomwe silimva kanthu mukalikhudza likhoza kukhala khate. Musalibise ndi mafuta. Pitani kuchipatala cha kuno ku Mitande kapena ku Mandimba. Khate limachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere.