Galimoto Zosamveka Pamsewu: Khutu Lokha Silikwanira

Kuyambira kale munthu woyenda pansi amadziwa kuti galimoto ikudza pakumva kulira kwa injini. Mayi amene wasenza ndowa ya madzi sangathe kucheuka msanga, motero amadalira khutu. Chimodzimodzinso munthu wosaona. Koma masiku ano m'misewu ya Lilongwe muli galimoto zina zimene zimafika pafupi mwakachetechete. Anthu akumudzi amene amapita m'tauni kukagulitsa mbewu kapena kukazonda odwala ku Kamuzu Central Hospital ayenera kudziwa zimenezi.

Chifukwa Chake Sizimveka

Galimoto yoyendera magetsi ilibe injini ya petulo. Palinso zina zochokera ku Japan, monga Toyota Prius ndi Toyota Aqua, zimene zili ndi injini ndi batire lalikulu pamodzi. Zimenezi zikamayenda pang'onopang'ono injini imatha kuzima, n'kumayendera batire lokha. Galimoto ikathamanga matayala amasokosera, koma ponyamuka, pokhota ndi pobwerera m'mbuyo siimveka. Choncho ngozi ili m'tinjira tothina ta ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona, ndiponso pamisika ya ku Area 23 ndi Area 25.

Kachipangizo Kochenjeza

Mu 2010 boma la Japan lidalangiza opanga galimoto kuti aziikamo kachipangizo kolira kokha. M'mayiko a European Union, kuyambira pa 1 July 2021 galimoto yatsopano iliyonse yamtunduwu iyenera kukhala nako. Kamalira galimoto ikanyamuka mpaka ifike pa liwiro la makilomita 20 pa ola, ndiponso ikamabwerera m'mbuyo.

Komabe galimoto zambiri zimafika m'Malawi zitagwira kale ntchito kunja. Zina zakale zilibe kachipangizoka, ndipo zina zili ndi batani lokazimitsira. Ngakhale kalire, phokoso la chigayo ndi la minibasi likhoza kukaphimba.

Zoyenera Kuchita

1. Woyenda pansi ayende kudzanja lamanja la msewu kuti aziona galimoto zodza kutsogolo kwake, popeza m'Malawi galimoto zimayenda kumanzere.
2. Asanaoloke aime, ayang'ane kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso, ngakhale kuli zii.
3. Makolo aletse ana kusewera kumbuyo kwa galimoto yoima. Ikhoza kunyamuka popanda kuliza injini.
4. Osaona ndi okalamba athandizidwe poloka msewu.
5. Woyendetsa asazimitse kachipangizoka, ndipo aimbe hutala pamalo odzaza anthu.

Munthu Akagundidwa

Wogundidwa apite naye kuchipatala ngakhale alibe bala looneka. Kusanza, kuwodzera ndi mutu wopweteka kwambiri ndi zizindikiro zakuti wavulala m'kati mwa mutu. Amene akumva kupweteka khosi kapena msana asamudzutse mwamphamvu. Amugoneke pathabwa mosamala, mutu ndi thupi zili zowongoka.

Khutu lithandiza, koma munthu aoloke msewu pokhapokha maso ataona kuti kulibe kanthu.