Tatsalira pobweza bondi ku Joni: kodi banki itilanda nyumba?

A Loya,

Ndine mayi wa ku Ntcheu koma ndakhalitsa kuno ku Joni, ndipo mapepala athu ndi olongosoka. Mu 2021 ine ndi bambo a kunyumba tinagula nyumba ku Germiston pa ngongole ya kubanki, ija ya bondi. Chaka chatha bambowa ntchito inawathera, ndiye miyezi inayi tsopano tikupereka moperewera. Banki yatitumizira kalata yotchula section 129. Alamu anga akuti tingolongedza tizipita kumudzi, poti mnzawo wina anamugulitsira nyumba pa mtengo wa mbuzi iye osadziwa n'komwe. Kutchalitchi kwathu kulinso bambo wina amene akuti kampani yake itilipirira zonse, bola tisaine mapepala a nyumba. Ana athu atatu ali pasukulu konkuno. Titani?

*Mayi wodandaula, Germiston*

Mayi,

Pepani ndi zimene zakugweranizi. Simuli nokha. Amene anatenga bondi mu 2021 anaipeza chiwongoladzanja cha prime chili pa 7 peresenti, koma pofika May 2023 chinali pa 11.75. Ntchito ikathanso pamwamba pa zimenezo, ndani angalimbe?

Zimene akunena alamu anu zinkachitikadi. Kale sherifu ankagulitsa nyumba pa okushoni kwa aliyense wotchula mtengo woposa anzake, ngakhale utakhala wa chipongwe, moti nyumba zina zinapita pa R100, zina pa R10. Koma alamu anuwo akukamba malamulo akale. Zinthu zinayamba kusintha mu 2004 pa mlandu wa Jaftha, wa amayi awiri osauka a ku Prince Albert amene nyumba zawo zinaikidwa pamalonda chifukwa cha ngongole za R250 ndi R190. Constitutional Court inati nyumba yokhalamo munthu isagulitsidwe woweruza asanaunike nkhaniyo, potengera gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa. Mu 2011, pa mlandu wa Gundwana, khoti lomwelo linati ngakhale pa ngongole ya bondi, kalaliki wa khoti alibe mphamvu yolamula kuti nyumba igulitsidwe. Ndi ntchito ya jaji.

Kusintha kwakukulu kunabwera pa 22 December 2017 ndi lamulo la makhoti lotchedwa Rule 46A. Tsopano banki iyenera kupempha khoti mwapadera, mapepala aperekedwe m'manja mwanu pokhapokha khoti litalola njira ina, ndipo jaji ayenera kufunsa ngati palibe njira ina yobwezera ngongoleyo. Jajiyo angathenso kuika mtengo woyambira, woti nyumba isagulitsidwe pansi pake. Mu 2018, pa mlandu wa Mokebe, majaji atatu a High Court ku Johannesburg anati mtengo umenewu uziikidwa nthawi zonse kupatula pa zifukwa zapadera. Germiston ili m'chigawo chomwecho cha Gauteng, ndiye chigamulochi chikukukhudzani.

Tsopano kalata yanuyo. Si chisamani, ndi chenjezo limene National Credit Act imakakamiza banki kutumiza isanapite kukhoti. Banki singakusumireni pokhapokha mutatsalira kwa masiku 20 ogwira ntchito, ndiponso patapita masiku 10 ogwira ntchito chiperekereni kalatayo. Masiku khumi satalika, Mayi. Ngati mukufuna kuti mlangizi wa ngongole wovomerezeka ndi National Credit Regulator aunike ngongole zanu zonse ndi kukukonzerani kabwezedwe katsopano, nthawi yake ndi inoyi. Banki ikangoyamba za kukhoti, bondiyo singalowenso mu dongosolo limeneli. Koma dziwani kuti mukalowamo simuloledwa kutenga ngongole ina mpaka mutatulukamo, ndipo zimayenda pokhapokha pakhomo pakulowa kandalama.

Mfundo imene anthu ambiri saidziwa, ndipo ndikufuna muigwiritsitse, ndi iyi. Chisamani chikabwera chidzatchula ngongole yonse yotsala, mwina mazanamazana a marandi zikwizikwi, ndipo mtima udzagwa. Koma kuti mupulumutse nyumba simukuyenera kulipira yonseyo. Gawo 129(3) la National Credit Act limati mukalipira zimene munatsalira zokha, pamodzi ndi zilango zololedwa ndi ndalama zoyenera zimene banki yawononga pokutsatani, mgwirizano umabwerera m'malo mwake. Mu 2016, pa mlandu wa Nkata, Constitutional Court inagamula kuti izi zimachitika zokha, osadikira kuti banki ivomereze, ndipo kugulitsidwa kwa nyumba ya mayi Nkata kunathetsedwa. Majaji a Mokebe anatsimikiza kuti mwayiwu ulipobe ngakhale khoti litagamula kale, mpaka nyumba itagulitsidwa. Choncho ngati pali abale oti asonkhe, kapena ndalama ya chipeleganyu, kapena ya penshoni ya abambo, miyezi inayi ija ndiyo phiri lanu lenileni. Pemphani banki ikulembereni chiwerengero chake, mochita kuphwanya bwinobwino.

Malamulo onsewa ali ndi pofooka pamodzi: amathandiza munthu amene waonekera. Jaji sangadziwe za ana anu atatu a pasukulu, kapena kuti abambo akulandira ya UIF, ija ya anthu amene ntchito yawathera, ndipo akusaka ntchito, inu musanamuuze. Chisamani chikafika muli ndi masiku 10 a khoti oti mulembe kuti mudzayankha mlandu. Tsiku la mlandu pitani, ngakhale opanda loya, mutanyamula malisiti, kalata yochotsedwera ntchito ndi pepala losonyeza mtengo weniweni wa nyumbayo. Musazembenso makalata. Mu 2014, pa mlandu wa Kubyana, khoti linati munthu amene wauzidwa kuti kalata yake ili ku positi ofesi koma dala osakaitenga, sangadandaule kuti sanachenjezedwe.

N'chifukwa chake maganizo othawira kumudzi ndikuwakana kotheratu. Mlandu suola. Mukachoka, mlandu udzazengedwa inu kulibe. Nyumba ikagulitsidwa pa mtengo wosakwana ngongole, yotsalayo ndi yanube, ndipo ngongole yogamulidwa ndi khoti kuno imakhala yamoyo zaka 30. Ikagulitsidwa moposa ngongole, yapamwambayo ndi yanu, nanga adzakupezani kuti?

Za bambo wa kutchalitchi uja, musasaine kanthu. Sindikumudziwa, mwina ndi munthu wabwino, koma njira akunenayo ndi yodziwika. Kampani ya Brusson Finance inkachita zomwezo: anthu ankaganiza kuti akusainira ngongole, pomwe akusainira kugulitsa nyumba zawo, ndipo ena anazibweza atavutika m'makhoti zaka zambiri. Pepala lililonse lokhudza title deed liyambe laonedwa ndi loya wanu, osati wa iyeyo.

Sabata ino lemberani banki, pa imelo osati pa foni pokha, kuti pakhale umboni. Pemphani kuti akuchepetsereni ndalama ya pamwezi kwa kanthawi, kapena atalikitse zaka zobwezera. Lamulo silikakamiza banki kuvomera, koma jaji adzaona kuti munayesa. Onaninso mapepala a bondi ngati muli ndi inshulansi ya ngongole, chifukwa ina imalipira munthu akachotsedwa ntchito. Pitirizani kupereka kalikonse kamene mungathe. Banki ikapanda kukumverani, kadandauleni ku National Financial Ombud, komwe salipiritsa, ndipo za loya kafunseni ku Legal Aid South Africa, amene amayang'ana kapezedwe kanu.

Mukhalenso pansi ndi abambo muwerengetse moona mtima. Ngati palibe chiyembekezo cha ndalama posachedwa, kugulitsa nokha nyumbayo, kapena kudzera m'dongosolo la banki lothandiza kugulitsa, kumabweretsa ndalama zambiri kuposa okushoni ya sherifu. Ndipo ngakhale nyumba itagulitsidwa, palibe amene angakutulutseni kapena kusintha maloko popanda chilolezo china cha khoti, malinga ndi lamulo la PIE la 1998. Yang'anani tsiku limene kalata ija inakufikani, muyambe kuwerenga masiku khumi aja kuchokera pamenepo.