Phunziro 17: Mbale Yoyera Yosawola

Anzathu, m'phunziro lapitali tinaphunzira kupanga manyowa a m'dzenje. Tinati mapesi, masamba ndi ndowe zimawola, zimabwerera m'nthaka. Lero tikamba za chinthu chimene sichiwola.

Tonse tikuidziwa mbale yoyera yopepuka ija, ya chivundikiro, imene amatiikiramo chipisi kapena mpunga ndi nkhuku pamsika ndi pokwerera basi. Chimene amapangira mbaleyi, pa Chipwitikizi amachitcha esferovite. Abale athu a ku Zimbabwe amati kaylite. Ndi pulasitiki yofufumitsa. Tikaigawa magawo 100, oposa 90 ndi mpweya chabe. N'chifukwa chake ndi yopepuka, ndiponso yotchipa.

Kupepukako ndiye vuto lake. Tikadya timataya. Mphepo imaiulutsa, mvula imaikokolola. Imakatseka ngalande, imakatsakamira m'bango kudimba. Siiwola ngati tsamba la nthochi ayi. Imangosweka tizidutswa toyera tonga mphale. Nkhuku imajompha, kuyesa chakudya. Nsomba nazo zimameza. Nanga tizidutswato tikalowa m'mizere, ndani angatole kamodzikamodzi? Kutentha nakonso si nzeru. Utsi wake ndi wakuda bii, wotsamwitsa, ndipo uli ndi poizoni.

Ena amafunsa kuti, bwanji osatola n'kukagulitsa monga tichitira ndi zitsulo zakale? Ogula zakale amagula pa sikelo. Thumba lodzaza mbalezi sililemera kanthu, ndipo mafuta a ndiwo amakhala ataziipitsa kale. Wogula safuna.

Ndiye kumaiko ena anthu anati: kutola kwatikanika, tiyeni titseke kumene zikuchokera.

Tiyambe ndi ku America. Mu 1988 khonsolo ya mzinda wa Berkeley inapanga lamulo loletsa ogulitsa zakudya kuikira anthu m'mbale ndi makapu otere. Taonani, silinali boma la dziko lonse. Unali mzinda umodzi basi. Mizinda ina inatsanzira. San Francisco inaletsa mu 2007.

Ku New York zinavuta. Khonsolo inavomereza lamulo mu 2013. Makampani opanga mbalezi ndi eni malo ena odyera anakasuma kukhoti. Iwo ankati mbalezi zikhoza kutoledwa n'kupangidwanso. Mu 2015 woweruza analiimitsa lamulolo. A mzinda sanagwe ulesi. Anafufuzanso, naonetsa kuti kupanganso mbale zakuda ndi chakudya sikungapindule. Lamulo linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019. Anapereka miyezi 6 yochenjeza, kenaka chindapusa cha madola 250 kwa wolakwa koyamba. Tiwerenge ndi zala: kuchokera 2013 mpaka 2019 ndi zaka zingati?

Kuno ku Africa, Zimbabwe inaletsa kaylite woikamo chakudya mu 2017, m'dziko lonse. Ogulitsa atadandaula anapatsidwa miyezi itatu kuti amalize zimene anali nazo. Ku Nigeria, boma la dera la Lagos linaletsa mu Januwale 2024, chifukwa mbalezi zinkatseka ngalande za mumzinda.

M'malamulo amenewa muli nzeru imene ife taikonda. Salimbana ndi munthu wodya. Amapita kwa wogulitsa ndi wopikulitsa, chifukwa odya ndi zikwi koma opikulitsa ndi owerengeka. Ndiponso saletsa zonse. Ku New York mbale zoikamo nyama ndi nsomba zaziwisi anazisiya, ndipo wamalonda wamng'ono analoledwa kupempha kuti amukhululukire ngati mbale zina zamukulira mtengo. Ifenso tisasokoneze. Bokosi loyera losungiramo nsomba pa ayezi, thireyi yofeseramo mbande za fodya, zonsezi ndi esferovite yemweyo. Koma zimenezi zimagwira ntchito nthawi yaitali. Mbale ya chipisi imagwira ntchito mphindi khumi, n'kukhala m'nthaka mpaka adzukulu athu adzaipeza.

Tisabise, lamulo lotere limapweteka wina. Mayi wokazinga chipisi phindu lake ndi lochepa. Bokosi la pepala ndi lodula kuposa mbale yoyera. Tikangoti "lekani" osamuonetsa choikamo china, mawa azidzagulitsa mobisa. Ameneyo ndi mlongo wathu, ndipo mbatata akukazingayo amagula kwa ife alimi.

Nanga kwathu kuno? Mu 2015 boma lathu linapanga lamulo loletsa matumba a pulasitiki opyapyala kwambiri. Ma munisipiyo, monga wa Tete ndi wa Ulongue, ali ndi mphamvu yopanga malamulo awoawo a ukhondo wa m'misika ndi m'misewu. Pa Chipwitikizi amawatcha posturas. Mawu a munthu mmodzi safika patali kumeneko. Kalata yochokera ku koperativa yonse, yosainidwa ndi mamembala, imawerengedwa. Tsopano tikudziwa kulemba maina athu, eti?

Komanso koperativa ili ndi malamulo ake. Tinagwirizana kuti mbuzi zisalowe kudimba, ndipo wolekerera amalipira. Tingathe kugwirizananso kuti pamsonkhano ndi tsiku logulitsa mbewu, aliyense abwere ndi mbale yake ya kunyumba, ndipo ophika aziikira m'menemo.

Tikambirane

Kuchokera pamsika kufika kudimba lathu, madzi a mvula amadzera kuti? Mawa anthu awiri ayende njira imeneyo, awerenge mbale zimene apeze, atiuze nambala yake.

Mayi wogulitsa chipisi angaikire chiyani m'malo mwa mbale yoyera? Tikamufunse mwini wake mtengo wa chilichonse.

Tikapanga lamulo m'koperativa, adzaliyang'anira ndani?

Tilembe m'makope mwathu

mbale, ngalande, lamulo, chindapusa

Mbale yoyera siiwola. Nkhuku yajompha tizidutswa.