Makolo a chimanga cha SR52 ndi phunziro lake kwa ife

Mu 1960, akatswiri a ku Salisbury, lero Harare, anatulutsa chimanga cha haibulidi cha SR52, chimene chinatchuka m'mafamu a ku Mashonaland. Makolo ake ndi awiri okha, N3 ndi SC. Kholo lililonse linapangidwa pothira mungu wa chomera pa ndevu zake zomwe kwa mibadwo yambiri, kufikira mbewu zonse zitafanana.

Kholo likalandira mungu wachilendo, ana ake amasintha ngakhale dzina likhale lomwelo. Ku Zambia makolo a SR52 anasakanizika, zokolola n'kutsika. Atawayeretsa, mbewuyo inatulutsidwanso monga MM752.

N'chifukwa chake timatalikitsa minda ya mbewu, timazula ngayaye m'mizere yaikazi mungu usanayambe kuwazika, ndipo timayeza DNA ya makolo tisanawachulukitse. Tikalekerera, wolira ndi mlimi amene wagula thumbalo.