Kodi Nyenyezi Zimagwadi?

Pa tchuthi cha mu August ndinali kwathu kufupi ndi phiri la Chiradzulu. Mbandakucha wina, ndikuperekeza agogo ku chigayo, tinaona nyenyezi ikuthamanga n'kuzimirira. Agogo anaima nati, "Mfiti imeneyo, ikubwerera kwawo." Anatchulanso dzina la mayi wina wokalamba wa m'mudzi mwathu. Mtima wanga unawawa.

Anzanga, nazi zimene ndaphunzira kuno ku Nguludi. Chimene timaonacho si nyenyezi ayi. Ndi kamwala, kawirikawiri kochepa ngati mchenga, kamene kamapsa polowa mu mpweya wathu pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumwamba. Timiyala ta mu August timachokera ku nyenyezi ya mchira yotchedwa Swift-Tuttle, ndipo timachuluka pa 12 ndi 13 August. Akhristu a ku Ulaya amati ndi misozi ya Laurenti Woyera, dikoni wophedwa ku Roma mu 258, amene timamukumbukira pa 10 August.

Mwala ukakhala waukulu umafika pansi. Pa 22 January 1981 ku Machinga kunagwa wolemera makilogalamu 93.

Kuno kwathu nthawi yabwino yoonera ndi pa 5 ndi 6 May, mvula itatha, pamene timadutsa m'fumbi la nyenyezi ya Halley. Dzukani tambala woyamba akalira, khalani kutali ndi nyale, ndipo dikirani mphindi 20 kuti maso azolowere mdima.

Chaka chamawa ndidzaonera pamodzi ndi agogo. Mwina mayi uja adzapeza mtendere.